Mafuta Odzozera pa Laputopu ya Alamu Anga

Ndinkakhala kwa mkulu wanga ku Woodlands, ndikuphunzira kupanga mapulogalamu pa laputopu ya alamu anga. Kapulogalamu kanga kanali kongolemba mawu akuti moni, koma ndikangolamula kompaila, pulogalamu yomasulira zimene walemba kuti kompyuta izimve, kuti ikamange, laputopu yonse inkazima. Ndinayesa kompaila ina, chimodzimodzi. Ndinati mwina memole, kachipangizo kosunga zinthu m'kati mwake, yawonongeka, tipite nayo m'tauni amisiri akaione.

Alamu anaseka. "Iwe, ni viwanda vamene unabwela navo kuchoka ku Kabwata."

Anaitana abusa awo, amene anathira mafuta odzozera pamabatani mpaka anadontha pansi. Laputopu sinayakenso. Abusa anati chiwanda chafera momwemo.

Madzulo ake ndinapeza zovala zanga zili m'thumba pageti. Nazonso anali atazidzoza.