Mpunga wa kumunsi kwa dibi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu chaka chimene anandisandutsa bulu wonyamula phulusa, ndipo mpaka lero ndikamva fungo la mankhusu akupsa, kukhosi kumandiyabwa, mtima n'kuyamba kuwira. Tinkakhala cha ku Madzimoyo, m'zaka za m'ma 1990, nthawi imene feteleza anakwera mtengo moti ena ankamugula pambale. Amayi anali ndi munda wa mpunga kudambo, wa zigawo ziwiri. China chinali kutali, pafupi ndi kasupe. China chinali kumunsi kwenikweni kwa dibi lakale, mmene kale ankasambitsiramo ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Dibilo analisiya ine ndisanabadwe. Simenti yake inali itang'ambika, mkati munkadzaza madzi obiriwira, ndipo mvula ikagwa madziwo ankasefukira m'munda mwathu.

Chigawo cha kudibicho chinkatinamiza chaka ndi chaka. Mpunga unkamera bwino, wamtali, wobiriwira, anthu odutsa n'kumayamikira. Koma nthawi yoti ngala ziwerame ndi kulemera ikafika, zathu zinkangoima chilili. Ukafinya ndi zala, mulibe kanthu. Atate, amene ankakhulupirira kuti vuto lililonse la mbewu ndi ludzu, anakumba ngalande yolumikiza zigawo ziwirizo kuti madzi a kudibi asawonongeke pachabe. Chaka chotsatira nacho chigawo cha kukasupe chinayamba kuima chilili.

Ine nkhaniyi inkandikhudza kuposa aliyense, chifukwa ndinkayembekezera kulandira sakramenti la Ulimbitso kutchalitchi tikadzakolola mpunga wotsatira. Kwathu mwana akalandira Ulimbitso, alendo ankadya mpunga. Pakhomo pamene panalibe mpunga anthu ankadya ndithu, n'kuthokoza ndithu, koma nkhani yake inkamveka kuchitsime mpaka mvula. Msuweni wanga Beatrice anali ataphikiridwa miphika yodzaza chaka chapitacho, ndipo ankandikumbutsa zimenezi nthawi iliyonse tikakumana.

Mlangizi wa zaulimi, a Sakala, anabwera panjinga titangomaliza kukolola mankhusu athuwo. Sanayang'ane mpunga nthawi yaitali. Anatsatira ngalande ya atate mpaka kukafika padibi, n'kuima pamenepo atagwira m'chiuno. Anatiuza kuti mankhwala amene ankathira m'madibi kale anali ndi poizoni wotchedwa aseniki, ndipo poizoniyo saola, amangokhala m'dothi. Mpunga ukakhala m'madzi osayenda umamumwa pamodzi ndi chakudya chake, wina n'kulepheretsa ngala kukhwima, wina n'kukabisala m'njere zimene zakhwima. Anati m'phulusa la mankhusu a mpunga muli chakudya chimene chimalowa m'mizu panjira yomweyo imene poizoniyo amalowera, choncho chikachuluka, poizoni amachepekeredwa malo. Anawonjezera kuti tithire feteleza wokulitsa mizu pang'ono, ndiponso tizichotsa madzi nthawi zina kuti dothi lipume.

"Koma zimenezi ndi za chigawo cha kukasupe," anatero a Sakala kwa atate. "Tsekani ngalandeyi. Cha kudibichi chisiyeni, a Banda. Phulusa limachepetsa, silitsuka."

Atate anagwedeza mutu ngati akumva. Ine ndinkawadziwa. Pa mawu onsewo anatolapo amodzi okha: phulusa.

Madzulo ake anandiitana. Anati ngati phulusa pang'ono lingachiritse chigawo chodwala pang'ono, ndiye kuti phulusa lambiri lichiritsa chigawo chodwala kwambiri, ndipo zimenezi ngakhale mwana wa giredi wani angazione. Amayi anakana, nati iwo khasu lawo silikakhudzanso kumeneko. Ndiye atate anatembenukira kwa ine. "Agata, chigawo chimenecho ndakupatsa. Chimene chituluke ndi cha phwando lako." Ndinasangalala, chitsiru ine, osadziwa kuti mphatso ina ndi ntchito yovekedwa malaya.

A Sakala anali atachenjeza kuti mankhusu a m'munda mwathu asagwire ntchitoyi, chifukwa nawonso anamwa zomwezo. Tsono panafunika kukapempha kwa anthu. Munayamba mwapemphapo mankhusu pakhomo la munthu? Ufa ungapemphe, mchere ungapemphe, anthu amamvetsa. Koma ukafika ndi thumba n'kunena kuti mundipatseko zimene mwapeta, mayi wapakhomopo amakuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kufunsa kuti mukufuna mukachite nazo chiyani zotsalira za chakudya chathu. Ena ankandipatsa atachotsako kaye pang'ono n'kuponya pamoto, poopa kulodzedwa. Mayi wina ananditsatira mpaka kunyumba kudzamva kwa amayi ngati analidi iwo anandituma. Ndinayenda midzi yonse ya m'mbali mwa dambo, Loweruka lililonse la chilimwe, thumba pamutu, mankhusu akulowa m'khosi ndi m'khwapa.

Kuotcha kwake n'kumene kunali kosautsa. Mankhusu a mpunga sayaka ngati udzu. Amangofuka, kufuka, tsiku lonse, utsi wake wolowa m'tsitsi ndi m'yunifolomu, ndipo mulu waukulu umakusiyira kaphulusa koti sikadzaza ndowa. Kusukulu anayamba kunditcha Naphulusa. Aphunzitsi anandifunsa pamaso pa kalasi yonse ngati kwathu kunapsa nyumba. Ndinkabwera kunyumba ndikutukwana chamumtima dibi, ng'ombe zimene zinasamba mmenemo, nkhupakupa, a Sakala ndi njinga yawo.

Mvula itagwa, amayi anakwirira ngalande ija ndi manja awo, n'kuthira phulusa ndi feteleza m'chigawo cha kukasupe monga anauzidwira. Akamachotsa madzi, atate ankaima pamzere n'kumadandaula kuti mpunga ukuphedwa ndi ludzu masana dzuwa likuswa mtengo. Ine ndinkalimbana ndi chigawo changa, matope mpaka m'mawondo, phulusa loyera mbuu pamwamba pa madzi.

Ndiye chinachitika chimene chinandisokoneza mutu. Cha kukasupe chinabereka bwino, ngakhale chinali chaching'ono. Koma nacho changa, kwa nthawi yoyamba, chinawerama. Osati chonse, koma ngala zambiri zinali ndi njere zenizeni, zolimba ukaziluma. Atate anayenda mudzi wonse akuuza aliyense kuti alangizi amadziwa za m'mabuku, koma dothi limadziwa mwini wake. Ndinamweta ndekha, kupuntha ndekha, kuanika ndekha. Ndinkaona kale nkhope ya Beatrice.

Amayi anauika mpunga wangawo padera, m'matumba ake, kunja kwa nkhokwe. Sabata ya Ulimbitso itayandikira, ndinatenga mtondo kuti ndiyambe kusinja. Amayi anandilanda munsi.

"Umenewu sitiphika."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Atate anatuluka m'nyumba atamva ndikulira, ndipo mkangano umene unatsatira ndimaukumbukira bwino chifukwa amayi sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Atate anati mpunga wabereka, ndiye kuti wachira. Amayi anati kubereka si kuyera, ndipo a Sakala ananena kuti wina amabisala m'njere. Atate anati chabwino, akaugulitse kumsika kutauni, tigule wina. Amayi anafunsa ngati ana a kukomboni ya Nabvutika, kutauniko, ali ndi mimba zachitsulo. Atate anati ndiye tiupereke kutchalitchi pa chopereka cha masika, ukadalitsidwe. Apa amayi anawafunsa mwachindunji.

"Bambo ake Agata, mukufuna tikadyetse ansembe?"

Atate anatchula nkhuku. Amayi anawakumbutsa amene amadya nkhukuzo.

Ine apa n'kuti nditalusa. Ndinanena mawu amene mwana sanena kwa mayi ake. Ndinawafunsa chifukwa chake anandisiya ndikuzunzika chilimwe chonse ngati ankadziwa kuti adzachita zimenezi. Anandiyankha kuti anakana kuyambira tsiku loyamba, ine ndilipo, koma ine ndi atate anga tinali ndi makutu amtundu umodzi. Zinandiwawa kwambiri chifukwa zinali zoona.

M'mawa mwake anandisenzetsa matumbawo. Inde, ine ndemwe. Tinakwera nawo kudibi, amayi anamasula zingwe n'kukhuthulira mpunga wonse m'madzi obiriwira aja, kenako n'kukwirira ndi dothi kuti mbalame zisatole. Ndinaima pambali ndikuyang'ana njere zina zikuyandama. Sindinawalankhule mpaka tsiku la Ulimbitso, ndipo ndinapita kukalapa ndili chikwiyire.

Paphwando panaphikidwa mpunga wa kukasupe, umene unatsala atapatula mbewu. Alendo analandira kachipande kamodzi aliyense pambali pa nsima. Beatrice anayang'ana mbale yake, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa mokoma mtima ngati mpungawo unali ndiwo. Nkhani inamvekadi kuchitsime. Chigawo cha kudibi atate anabzalamo bulugamu chaka chotsatira, n'kumauza anthu kuti anali maganizo awo kuyambira kale.

Ndakula tsopano, ndili ndi ana anga, ndipo ndinaphunzira kuti pali dothi limene ungalithandize ndi chakudya choyenera, ndi lina limene thukuta lako, ngakhale lichuluke bwanji, silingaliyeretse. Koma mkwiyo uja sunathe msanga. Palibe anayeza mpunga umenewo. Kunalibe koyezetsa kumene ife tikanafikako. Mwina unali woipa, mwina phulusa langa linali litagwira ntchito, ndipo kusadziwa kumeneku kunandidya zaka zambiri.

Amayi atakalamba, tsiku lina ndikuwadula zikhadabo pakhonde, ndinawafunsa ngati anali otsimikiza kuti munali poizoni. Ndinkafuna anene kuti inde, kuti ndipumule, kapena anene kuti analakwitsa, kuti ndipambane. Anaseka pang'ono.

"Ndikanadziwa bwanji, ine? Sindinkadziwa. Ndinangoona kuti ndikalakwitsa potaya, udzandikwiyira. Ndikalakwitsa pophika, mbale yoyamba inali yako."