Fazi ya m'Chitini cha Nsomba

Ndinanyamuka ku Dzivarasekwa Loweruka cha m'ma 8 koloko m'mawa, chitini cha nsomba chili m'jumbo, mtima uli dyokodyoko. M'chitinimo munalibe nsomba. Munali fazi, kachipangizo kamene woimba gitala yamagetsi amaponda ndi phazi kuti mawu atuluke osasa ngati njuchi zoputidwa. Ndinakalumikiza ndekha ndi tizidutswa ta mawailesi akufa amene eni ake anawataya pabenchi langa lokonzera zinthu.

Ulendo unali wa ku Mbare, kwa malume anga a Jailosi. Paunyamata wawo ankaimba m'mabala ndi ampu, chokuzira mawu a gitala, ya sipika yong'ambika, ndipo kusasa kwakeko ndi kumene kunkavinitsa anthu. Ampuyo itapsa, gitala anaipachika pakhoma. Ati ampu zamakono zimalankhula mwaulemu ngati mlembi wa mpingo. Tsopano anali atapeza wogula gitalayo, wobwera Lolemba, ine ndisanawamvepo akuimba n'kamodzi komwe. Koma dzulo lake chitini changa chinali chitalira ndendende mmene iwo amafotokozera, ndipo ndinavina ndekha m'shopu.

Kombi, minibasi ya kuno, yopita m'tauni inali dola imodzi. Hwindi, wolandira ndalama uja, anatipanikiza anayi anayi, kenako anaona mawaya akusuzumira m'jumbo.

"Mudhara, si bomba limeneli?" anandifunsa, poti kuno mdala amati mudhara.

"Ndi nyimbo," ndinatero.

Mayi wina wachikulire pambali panga anaseka. "Nyimbo za m'chitini? Zizinunkhatu nsomba zimenezo."

M'tauni ndinakwera kombi ina ya masenti 50, ndipo cha m'ma 10 koloko ndinatsikira pa Musika, msika waukulu wa ku Mbare. Ndinagula buledi ndi shuga, poti kwa akulu sapita chimanjamanja, ndi kapaketi ka maputi, chimanga chokazinga chija, kanga koponya m'kamwa. Apa ndi pamene ulemu unandipusitsa. Mabatire awiri a m'chitini anali akale, ochotsa m'tochi yanga, otopa. Ndinachita nawo manyazi. Munthu n'kukaonekera kwa malume ndi zotsalira? Ndinagula atsopano kwa bambo wina wa patebulo, akalewo n'kuwaponya m'bini monyadira, ngati bwana.

Ndinakwera masitepe a fulati ya malume awiriawiri. Akazi a malume, a Nangozo, anandilandira, ndipo magetsi, mwamwayi, analipo. Ampu yobwereka kutchalitchi inali kale pakona. Malume anatsitsa gitala, anaipukuta fumbi ndi mkono wa jekete, anaichuna nthawi yaitali. Kenako anaponda chitini n'kukhwatcha nsambo.

Mawu anatuluka aakulu, oyera, aulemu.

"Mlembi wa mpingo uja wabweranso," anatero malume, akuvula lamba wa gitala. "Wayesetsa, mphwanga."

Ndinagwedeza mawaya, ndinapotokola kabatani, koma ayi ndithu. Kenako ndinazindikira. Kusasa kuja kunkachokera ku njala: mabatire otopa ankapereka moto wochepa, tizipangizo timene tili m'kati n'kumalira mokakamizika. Ine ndinali nditatikhutitsa. Ndipo mabatire anga anyimbo anali m'bini pa Musika, pansi pa makoko a nthochi.

Pamenepo ndinamva phaa, phaa. Anali a Nangozo akumenyetsa rimoti pabondo kuti TV iyake.

"Mayi, mabatire amenewo ngotopa?"

"Atopa kuposa ine, mwanangu."

"Ndipatseni, ndikupatseni atsopanowa."

Anayang'ana amuna awo. "Bambo, mwana wa mlongo wanuyu mutu uli bwino?" Koma rimoti anapereka msangamsanga, kuopa kuti nzeru zingandibwerere.

Ndinaika mabatire a m'rimoti aja m'chitini. Malume anakolekanso gitala monyinyirika, anaponda chitini n'kukhwatcha nsambo. Chitini chinabangula! Magalasi a m'kabati anachita kulira, ine ndinakuwa ngati ndagoletsa chigoli. Malume anaima duu, nsambo ikulirabe, maso atadzaza misozi. Kenako zala zawo zinayamba kuthamanga zokha. A Nangozo anataya rimoti yawo ya mabatire atsopanoyo, anamanga chitenje m'chiuno, nkhalamba n'kutsika mpaka pansi. Pakhomo panadzaza anthu a m'fulati, ena thovu la sopo lili m'manja.

Atamaliza nyimbo yachitatu, malume anapukuta kumaso. "Mayi, muuzeni wa Lolemba uja asavutike n'kubwera." Kenako anatembenukira kwa ine. "Nanga mabatirewa akatheratu?"

"Ndidzakupezerani ena otopa."

"Usatumize munthu. Uzibwera nawo wekha."

Ndinakwera kombi yobwerera cha m'ma 4 koloko, jumbo lili lopanda kanthu, makutu akulira, ndikumwetulira ndekha mpaka hwindi anandiyang'ana kawiri. Ndakhala zaka zambiri pabenchi ndikutaya chilichonse chofooka, ndipo malume nawonso ndinkangowayendera pa Khirisimasi. Masiku ano kasitomala akabwera ndi tochi yothima, mabatire ake ndimawasunga m'kabotolo, kudikira Loweruka.