Katsitsumzukwa wa bambo anu wadzuka

Ana anga, mwadzuka bwanji? Ine ndadzuka ndi nthungululu!

M'mawa uno ndikusesa pabwalo, ndangomva mpongozi wanga Nachisale akukuwa kudimba, "Amayi, thamangani, watuluka!" Tsache ndataya pomwepo, chitenje ndagwira m'manja, liwiro ngati mtsikana.

Mukukumbuka katsitsumzukwa uja, ndiwo zachizungu zimene malemu bambo anu anabwera ndi mizu yake kuchokera ku esiteti? Ankati mbewu imeneyi imafuna kugona, koma kuno ku Dambe chisanu n'chochepa, ndiye umaigoneka ndi ludzu. Chaka chino ndachita ndekha, iwo kulibe. Ndinaimana madzi, masamba anachita chikasu, ndinadula onse, panatsala dothi lokhalokha.

Bambo anu aang'ono anati, "Alamu, mwapha mbewu ya achimwene. Loweruka ndilimapo, tidzale mpiru." Ine ndinathira manyowa, ndinayambanso kuthirira, uku ndikupemphera.

Lero bwerani muone! Timitu tatuluka, tatuluka ndithu, tonenepa ngati chala chachikulu, tina tasenza dothi pamutu ngati amayi ochokera kuchigayo. Ndagwada, ndaimba, ndalira. Zikomo Ambuye, zikomo! Alamu afika, ayang'ana, avula chipewa, akuti, "Khasu langa silipondanso pano."

Tsono ndiuzeni, nditendere kapena ndikazinge? Paja bambo anu ankaphika okha, ine ndinkangodya.

Abwera kudzavina nane ndi awa: Nachisale, alamu ndi akazi awo Nambewe, Naphiri wa kuseri, amayi a Tadala, a Zulu a njinga, ndi Nabanda amene ankandiseka kuti ndikulima tchire, lero ndiye watsogolera nyimbo!