Mabokosi awiri a mlamu wanga

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Ndinali nditagona pamkeka kuseri kwa nyumba ya siwa, ndipo nyimbo za amayi a mpingo zinali zitatsika mpaka ndinkazimva ngati zikuchokera kutsidya kwa dambo. Ndinapemphera monga ndimachitira m'mawa uliwonse chimwalirire mkazi wanga. Nkhungu inali itaphimba phiri la Chikala. Anthu oyatsa moto ankaoneka miyendo yokha.

Womwalirayo anali mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga. Anali ndi shopu ya ukalipentala ku Balaka, ya amisiri asanu ndi mmodzi. Kumeneko mmisiri aliyense ankapanga mpando wake yekha, kuyambira kucheka thabwa mpaka kupaka vanishi, n'kusema chizindikiro chake pansi pake. Mlamu atadwala, mwana wake wamkazi anatenga shopu, n'kupeza ntchito yaikulu yopanga madesiki a sukulu. Anafuna kuti wina azingocheka, wina azingopala, wina azingokhoma. Amisiri anakana. Anati akangoika bwana wawo m'manda, atenga zida zawo azipita.

Kutacha, anthu anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera ku Chikweo, ena wapansi. Utsi sunkakwera, unkangoyandama pamwamba pa chinangwa. Galimoto yoyamba inabweretsa bokosi lonyezimira lomwe mwanayo anagula m'tauni. Posakhalitsa inafika lole yakale, amisiri ali pamwamba, atagwira bokosi lina la mlombwa, losapaka kanthu. Mwanayo sankadziwa kuti wa m'shopumo akamwalira, bokosi lake sagula.

Mabokosi awiriwo anawaika pansi pa mtengo wa mango. Kapitawo wa amisiri, Msilamu wa ndevu zoyera, anavula nsapato n'kukhala pambali, maso ali pansi.

Mwanayo anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

“Amalume, akufuna kundichititsa manyazi pamaso pa anthu?”

“Iyayi. Pita ukalione kaye, kenako unene.”

Tinapita limodzi. Anatsegula chivundikiro, fungo la mtengo watsopano n'kutuluka. M'kati, chakumutu, munali zizindikiro zisanu ndi chimodzi mondondozana: nsomba, nyenyezi, khasu ndi zina. Anazisisita ndi chala, n'kufunsa kapitawo kuti walipanga ndani.

“Tonse, amayi. Uyu anacheka, uyo anapala, ine ndinakhoma. Tsiku limodzi munthu sangalimalize yekha.”

“Nanga madesiki aja mumakaniranji?”

“Desiki yanuyo ikathyoka, anthu adzati anapanga ndani? Yopanda mwini?”

Mwanayo anauza adzukulu kuti bokosi la m'tauni alibwezere m'galimoto. Anatembenukira kwa kapitawo n'kunena motsitsa kuti desiki iliyonse izituluka ndi zizindikiro za onse amene aigwira. Mkuluyo anavala nsapato zake.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu koma losaoneka. Kamvula kowaza kanatiperekeza. Amisiri ananyamula bokosi, Akhristu ndi Asilamu phewa ndi phewa, ndipo ena akafuna kuwalandira ankangopukusa mitu. Ine ndinkayenda kumbuyo, mlongo wanga ali patsogolo panga pakati pa amayi awiri. Nyimbo inkapita m'munda wa thonje n'kubwerera. Nthawi ina ndinaona ngati mkazi wanga akuyenda pakati pa oimbawo, atafunda chitenje chake chobiriwira, ndipo sindinachite mantha.

Titabwerako kumanda, anthu anasamba m'manja, anadya, n'kumabalalika pang'onopang'ono. Lole isananyamuke, kapitawo anapita kwa mwanayo n'kumuuza kuti matabwa omwe ali kushopu ndi aawisi, ayambe awaumitsa, ndipo Lolemba afike molawirira ndi makiyi.

Madzulo m'nyumba munatsala anthu atatu. Mlongo wanga anagona atatsamira khoma. Mwana wake anakhala pakhomo, akuchotsa minga ya chisoso pachitenje. Ine ndinapinda mikeka ya alendo, umodziumodzi, n'kuiimika pakona.