Disiku yomwe tinaikulunga m'nsalu yoyera

Lachiwiri ndinapalasa njinga kupita ku Ulongwe, nditanyamula disiku m'thumba la malaya. Ndi kabokosi kakuda kongokwana m'manja. M'menemo munali nyimbo za kwaya yathu, zomwe akatekisita ankajambula pa Misa. Munalinso mawu a malemu mkazi wanga, amake Luwiza, amene ankayambitsa salimo.

Mwezi wamawa kuli Misa yowakumbukira. Luwiza anandipempha chinthu chimodzi chokha: ana ake amve agogo awo akuimba, poti anabadwa iwo atagona kale.

Komputadoro ya kutchalitchi, kompyuta yomwe inkasunga nyimbozo, inafa nthawi ya dzinja. Akatekisita anandilimbitsa mtima. "Musade nkhawa, abambo a Luwiza. Zonse ndinkakopera ku disiku, mwezi ndi mwezi, osaphonya."

Sananame. Ndi munthu wosamala.

Mayi wokonza makina ku Ulongwe analumikiza disiku ija, namvetsera, kenaka anandipatsa zomvera za m'makutu. Ndinamva phokoso ngati matalala pa malata.

"Komputadoro yanu inayamba kale kudwala," anatero. "Disiku yake yamkati inkawononga nyimbo pang'onopang'ono. Ndiye pokopera paja, zovunda zinkagwera pamwamba pa zabwino n'kuzifafaniza. Simunkamverako nthawi zina, abambo?"

"Tinkaopa kuti ingathe," ndinayankha.

Anandiyang'ana, koma sanaseke. Ndimamuthokoza pa chimenecho.

Ndi mmene zinalili. Disiku yathuyo tinkaikulunga m'nsalu yoyera n'kuiika m'kabati ya zovala za ansembe. Palibe ankaikhudza, kupatula tsiku lokopera. Tinkati kumeneko ndiye kusamala.

Koma ife ndife alimi. Ndani mwa inu amamanga thumba la mbewu ya nyemba n'kudikira mvula osalitsegulako? Timapisamo dzanja, timanunkhiza, timafunafuna anankafumbwe. Ndani amathira chimanga chofumbwa pamwamba pa chabwino m'nkhokwe? Zikafika pa makina, nzeru yonseyi timaisiya pakhomo ngati nsapato zamatope. Timawapatsa ulemu woyenera zinthu zapaguwa, pomwe ndi zitsulo zomwe zimakalamba ngati khasu.

Sindikuloza chala akatekisita. Nanenso ndinkaiona nsalu ija Lamulungu lililonse, mtima n'kukhala pansi. Safunsa anadya phula, ndipo talidya tonse.

Masiku ano maina a obatizidwa, zithunzi za maukwati, ngakhale mapepala a minda, zonse tikuzipereka ku timabokosi totere. Aliyense akuti, "Zinasungidwa." Anatsegula ndani kuti aone?

Mayi uja analimbana nayo disiku ija mpaka dzuwa kupendeka. Anapulumutsa kachidutswa kamodzi. Mukumveka benchi likulira, mwana akutsokomola, kenaka amake Luwiza akukoka mpweya kuti ayambe salimo. Pomwepo n'kuduka.

Ndaudziwa mpweya umenewo. Ndinagona pambali pake zaka zambiri. Koma adzukulu anga adzamvamo chiyani?

Luwiza sindinamuuzebe. Nsalu ija ndaichapa, ndaibweza kutchalitchi.

Inu amene muli ndi kabokosi kanu m'sutikesi, munamvera liti zomwe zili m'menemo?