Dayale ya Achimwene Imene Ndinadula ndi Sizasi

Tsiku loyamba kumuona anali pansi pa tebulo langa lodulirapo nsalu, akutola mabatani n'kumaponya m'kamwa. Zaka zitatu, mamina mpaka pachibwano, nsapato imodzi. Bambo ake, mlongo wanga wamng'ono, anali chiimire pakhomo ndi sutikesi. Ankandiuza kuti poti mayi a mwanayu aikidwa, iye wapeza ntchito kunja yotsitsa katundu pa doko, ndiye ndimusungire mwana chaka chimodzi basi. Akakhazikika adzamuitanitsa. Ine ndinapisa chala m'kamwa mwa mwanayo n'kutulutsa mabatani awiri a malaya a mwiniwake. Kuyambira pamenepo ndi Kabatani. Pano watsala pang'ono kukwana zaka makumi asanu, imvi zayamba cha m'makutu, koma pabwalo pano palibe amene amamutchula dzina lina.

Ine ndine telala. Sukulu ndinalekezera kalasi yachitatu, kuwerenga ndimawerenga ngati ndikuwoloka mtsinje podumpha miyala. Mwamuna ndinali naye, ana sindinaone, ndiye iye anakawaona kwina. Ndimakhala m'zipinda ziwiri, chakutsogolo makina ndi tebulo, chakumbuyo bedi. Pabwalo pathu pali makomo asanu ndi limodzi, mpopi umodzi, ndipo palibe chinsinsi chimene chimagona masiku awiri. Changa chokha chinagona zaka zoposa makumi anayi.

Kabatani kusoka kunamukana. Singano ankaigwira ngati khasu. Koma ndi munthu wa dongosolo mpaka kunyansa. Ali mwana, mabatani anga onse anawagawa m'tizitini, oyera paokha, a mabowo anayi paokha. Atakula anapeza ntchito yogulitsa matikiti ku depoti ya mabasi, pa windo la zitsulo, ndipo tikiti amaing'amba ndi rula kuti isapindike. Anakwatiwa ndi dalaivala, anabereka mwana mmodzi wamkazi, banja linatha, anabwerera kudzakhala khomo loyang'anana ndi langa. Salankhula zambiri. Akakwiya amapukuta zinthu zoyera kale.

Za bambo ake anandifunsa kamodzi kokha, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinamuyankha ndili ndi mapini pakamwa kuti bambo ako ndi mtchona, anakuiwala, gwira apa. Anagwira nsalu ija. Sanafunsenso. Pabwalo ponse anatola mawu anga, ndipo ana anzake akayambana naye ankamunena kuti mwana wa mtchona.

Zoona zake ndi izi. Patatha chaka ndi theka chibwerere mwanayo, envelopu yaikulu inabwera, muli fomu ya boma yoti ine, womusunga, ndisayine kuti mwana apite kwa bambo ake. Nthawi imeneyo Kabatani anali atangochira chikuku, ndipo m'kudwala muja anali atayamba kunditchula amayi. Fomu ndinaiika pansi pa makina, ndinati ndisayina mawa. Mawa lake linafika mwezi. Inabwera yachiwiri, ndinakolezera makala a m'simbi. Yachitatu sindinatsegule n'komwe. Makalata a achimwene eniake anabwera kwa zaka zingapo, ndinkangoona kalembedwe kake pa envelopu n'kudziwa kopita nawo. Kenako analeka.

Kabatani ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kunabwera bambo wina wotsimphina amene ankagwira ntchito ndi achimwene. Mtsikanayo anali kusukulu. Bamboyo anandiuza kuti achimwene anamwalira, anaikidwa konko, n'kundisiyira sutikesi ija. Munali jekete, wotchi, ndi mabuku atatu a dayale, aja munthu amalembamo za tsiku ndi tsiku. Wotchi ndinampatsa mwana. Mabuku ndinatsegula ndekha. Zolemba zake zinali zolumikiza, zovuta kwa ine, koma liwu limodzi ndinkaliona pafupifupi tsamba lililonse: achemwali, achemwali, achemwali. Ndine ameneyo. Ndinatseka.

Kuwotcha sindinathe. Komanso ndisaname, pepala lake linali labwino, lolimba, losiyana ndi nyuzi zimene ndinkadulira mapatani, zomwe zimang'ambika ukangoikapo pini kawiri. Ndinathothola masamba, ndinamata ndi guluu anayianayi, ndipo ndinadula mapatani a yunifolomu ya sukulu: mkono, kolala, kutsogolo, kumbuyo, thumba, masaizi onse. Telala sataya patani. Ndinawaboola pakona, ndinalowetsa chingwe, n'kupachika pa msomali kuseri kwa chitseko. Ana onse a mumsewu muno anavala mayunifolomu odulira pamenepo.

Nkhani inayambira kuchipatala. Chaka chatha Kabatani ankamva chizungulire pantchito, ndipo dokotala pomuyeza anamufunsa kuti bambo anu anamwalira ndi chiyani. Akuti anangoti kukamwa yasa. Mayi wamkulu, wa mdzukulu panjira, osadziwa ngakhale nkhope ya bambo ake. Atabwera anandifunsa ngati ndili ndi chithunzi. Ndinalibe. Anafunsa ngati anasiya cholemba chilichonse. Ndinati jekete ndi wotchi basi, ndipo ndinapondereza makina kuti phokoso liyankhe zotsalazo.

Tsiku lake lopuma ndi Lachitatu. Anayamba kupita ku nyumba imene boma limasungirako mafayilo akale. Lachitatu lililonse, buku lake m'manja, mapensulo awiri osongola kale. Akabwera ankandifotokozera ndikusoka: chaka chakuti palibe, chaka chakuti bokosi linanyowa ndi mvula, dzina lofanana analipeza koma ndi la munthu wina amene anapita kumigodi. Ine ndinkamuuza kuti akungodzitopetsa, akufa safuna kuwapekesa. Mumtima ndinkapempherera chiswe.

Mwezi wachinayi anampeza m'kaundula wa mapasipoti, ndi kachithunzi komwe. Anandikakamiza kuti ndikaone. Ndinavala diresi la kutchalitchi n'kupita. Chikwama amakulanda pakhomo. Cholembera cha inki saloleza. M'kati muli matebulo ataliatali, kuzizira ngati mosungira mitembo, anthu akunong'onezana ngati wina wagona. Umalemba nambala pakapepala, umadikira, kenako mayi wina wa magalasi a chingwe amabwera akukankha kangolo ka mabokosi omanga ndi ulusi. Ndinaona kuti khoti la mayiyo analisoka ndi wosadziwa ntchito, phewa limodzi lokwera. Ndinamuuza Kabatani, anandigunda ndi chigongono.

Anatsegula tsamba. Achimwene anali pamenepo, aang'ono ngati sitampa, makutu ali panja, kolala yopindika mbali imodzi. Malaya amenewo ndinasoka ndine. Kabatani anayang'ana nthawi yaitali, kenako anadzigwira khutu.

Mayi wa magalasi ndiye anandipha. Ndi mtima wabwino, anati anthu opita kunja akafuna kuitanitsa mkazi kapena mwana ankatsegulitsa fayilo ina, ndipo ngati tikufuna aifufuza, tibwere sabata yamawa. Kabatani anati bambo ake sanaitanitse munthu. Mayiyo anati kuyang'ana sikulipiritsa. Sabata imeneyo ndinalumikiza mikono ya diresi la mwiniwake chagada kawiri konse.

Lachitatu linalo anabwera dzuwa likadalipo, anaika mapepala a fotokope pamwamba pa makina. Makalata atatu, zidindo zitatu. Anandiwerengera mzere wa pansi, wakuti womusunga mwana sanayankhe, fayilo yatsekedwa. Ndinati mwina zinkasochera. Iye anaika chala pamwamba pa pepala.

“Adilesi ndi ino, azakhali. Khomo lino.”

Ndinati ndakalamba, za kalekale sindikumbuka. Anatenga mapepala ake, anapita kwake, ndipo ndinamva akukwecha mapoto mpaka ndinaganiza kuti aboola.

Lamlungu masana amabwera kudzandiwenga zikhadabo za kumapazi, poti msana sundilolanso kuwerama. Ndinkati sabwera. Anabwera, ndi beseni lake la madzi ofunda. Anakhala pakampando, phazi langa pamwendo pake, akuwenga pang'onopang'ono, kusamala chala chija chimandipweteka. Akanandibaya dala bwenzi ndili bwino. Atafika phazi lachiwiri ndinamuuza kuti asiye kaye, atseke chitseko, atsitse zimene zili pa msomali.

Anatsitsa. Anaziona zaka makumi atatu zimenezo, anazisuntha posesa, koma ndani amawerenga patani? Zadetsedwa ndi choko, zabooka ndi mapini, pena ndinalembapo ndekha ndi makala kuti zaka 8, zaka 10. Ndinamuuza kuti ayang'anitsitse. Anapita nazo pa windo. Anayamba kutsata zolembazo ndi chala.

Ndinanena zonse, mapazi ali m'beseni. Za chikuku, za simbi, za bambo wotsimphina. Sindinalire ndipo sindinapemphe kuti andikhululukire, chifukwa ndikanapempha akanavomera, ndi mmene alili. Iye sanandiyang'ane. Anachotsa nsalu za anthu patebulo, anadula chingwe chija, n'kuyamba kuyala. Mikono paokha, makolala paokha. Kenako anayamba kusaka madeti. Patsamba lililonse achimwene ankalemba deti pakona, koma makona ndi amene sizasi imadya poyamba.

Zina ankawerenga mokweza, osati kuwerengera ine, kungoti zituluke. Pa patani ya kumbuyo, imene ndi yaikulu, panali nkhani zathunthu. Za kapitawo wawo amene ankatukwana m'zilankhulo zitatu. Za chipinda chimene ankagona anthu anayi, mmodzi woliza mkonono ngati sitima ikunyamuka. Apa Kabatani anaseka pang'ono, mwangozi. Pa kutsogolo kwa saizi ya zaka khumi panali pakuti wapeza chipinda chakechake, wagula kabedi kakang'ono, wakaika pansi pa windo kuti mwana azidzaona sitima. Pa kolala panangotsala timawu ta pakati, kopanda mutu kopanda mchira. Masamba ena ndinawamata chafufumimba, nkhope ndi nkhope, ndipo sangatsegulidwe osang'ambika.

Za matenda anapezapo liwu limodzi, chifuwa, pa thumba. Dokotala wake akhutire ndi limenelo.

Kenako anatenga mkono wa saizi yaing'ono. Anawerenga chamumtima, n'kubwerezanso mokweza.

“Fomu yachitatu yapita. Achemwali sakuyankha. Anzanga akuti ndipite ndikamutenge ndekha. Koma achemwali alibe wina, ndipo mwina mwanayo wazolowera. Ndikapita kukamulanda ndiye kuti ine…”

Panathera pamenepo, pamene mkono umapindikira kulowa m'khwapa. Anatembenuza, kuseri kunali za mtengo wa nsapato. Anasakasaka m'mapatani onse kufuna chidutswa cholumikiza. Ndinkadziwa kuti palibe.

“Zodukazo zili kuti?”

“Ndinasesa.”

Anagwedeza mutu ngati ndamuuza nthawi ya basi. Mkono uja uli m'manja, anafunsa ngati yunifolomu yake ya chaka chomaliza ndinadulira pomwepa. Ndinati eya.

“Ndiye bambo anga anandiveka ndithu,” anatero. “Inu munangosoka.”

Anapempha pilo yoyera, anavula nsalu ya piloyo, analowetsamo mapatani onse mosapinda. Ndinati sukulu zikutsegulira mwezi wamawa, ndili ndi maoda. Mawu amenewo anangotuluka, ndipo ndikuchita nawo manyazi kuposa ena onse. Anati nyuzi zilipo. Anafika pakhomo, anabwerera, anakhalanso pakampando, n'kumaliza zala zitatu zimene zinatsala. Madzi anali atazizira. Anataya panja, anatenga beseni lake ndi bambo ake, n'kupita.

Mmawa mwake ndinamva zidebe pampopi. Ndinkafuna kudikira kuti anthu achoke, koma ketulo inali youma, ndipo sindinabisalepo pabwalo langa lomwe. Ndinatuluka. Panali mayi ogulitsa makala, akazi a mlonda, ndi agogo a khomo lakumapeto, amene analipo kale tsiku limene mwanayu anabwera ndi nsapato imodzi. Kabatani anali atavala kale yunifolomu ya ku depoti, akutsuka kapu. Mayi a makala, amene sadziwa kusunga funso, anamufunsa kuti kodi zofufuza zija zikuyenda, mtchona uja wapezeka?

Kabatani anatseka mpopi. Anawauza kuti wapezeka. Anati bambo ake ankagwira ntchito pa doko, anali ndi makutu ngati ake, anamwalira ndi chifuwa. Anati anamuitanitsa katatu kudzera ku boma, mapepala alipo aliyense akhoza kuona, ndipo anamugulira bedi n'kuliika pansi pa windo. Anati liwu lija la mtchona lithere pomwepo.

Agogo aja anafunsa kuti nanga anakuitanitsa katatu, iwe osapita bwanji?

Kabatani anakutumula madzi m'kapu, anayang'ana kumene ndinaima ndi ketulo yanga.

“Zimenezo akuuzani azakhali. Ndi awo, pakamwa ali napo. Ine ndachedwa ku ntchito.”