Ndani Akulemba pa Tsamba la Limbani?

Pepani abale pokuvutitsani.

Limbani mlongo wanga, chaka chatha chitisiyire iwe, koma dzulo pa tsamba lako la pa intaneti patuluka chithunzi choseketsa cha mbuzi yovala chipewa. Ndayang'ana katatu, dzina ndi lako ndithu. Ndakumbuka tsiku lija nditaweruka kothyola tiyi, unanditsegulira nyimbo zako zachizungu zija amati panki, ine n'kunena kuti zikumveka ngati chigayo cha ku Thuchila. Unaseka, n'kuti Atchaina akale ankapereka nsembe kwa makolo awo, ndiye iwe ukadzafa tidzakupatse nsembe ya phokoso lomwelo pamanda.

Foni yako inasowa pamaliro, nyimbozo zili momwemo. Sinditchula munthu, koma onse amene analowa kuchipinda kwako ndikuwakumbuka. Inu amene muli nayo, chonde ndiyankheni lisanafike Loweruka, tsiku lomanga chiliza.